Zomwe ndinapeza ku kachisi wa Wat Phra Kaew

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati munthu amene si Mbuda amaloledwa kulowa m'kachisi wa Wat Phra Kaew ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, komanso ngati kujambula zithunzi n'kololedwa. Tsopano ndafikako, choncho ndati ndikudziwitseni inu amene munandithandiza maganizo.

Aliyense amalowa, bola avale zophimba mapewa ndi miyendo. Nsapato zimatsala pakhomo la nyumba yomwe muli chiboliboli chopatulika cha Buddha, ndipo m'katimo kujambula n'koletsedwa. Pokhala pansi munthu amapinda miyendo kuti mapazi asaloze chibolibolicho, popeza kutero n'chipongwe. Chiboliboli chenichenicho n'chaching'ono, pafupifupi masentimita 66, chosemedwa kumwala wobiriwira, ndipo mfumu ya Thailand imachisintha zovala zagolide katatu pachaka malinga ndi nyengo.

Zojambula za pakhoma la khonde lozungulira kachisiyo, zigawo 178 zofotokoza nthano yakale ya ku Thailand yotchedwa Ramakien, amalola kuzijambula. Alendo ambiri amangozidutsa mothamanga, zomwe kwa ine n'kuluza, chifukwa m'pamene pali Hanuman, nyani wankhondo wa m'nthanoyo, atadzikulitsa n'kubisa nyumba ya mbuye wake Rama m'kamwa mwake pomuteteza kwa adani.