Njinga yamoto yakhala nthawi yaitali osayenda, tsopano ikukana kulira. Ndiyambire pati?

Mwini funso:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc, ya kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), yokhala ndi sitata komanso kiki. Yakhala chiimire kupitirira chaka chifukwa ndinali kutali ndi ntchito. Poiimika inali bwinobwino, sinkavuta kuliza, sinkafuka utsi, oyilo sankadontha. Inali m'nyumba, mvula sinaigwere.

Tsopano ndikufuna iyambenso kuyenda koma yakaniratu. Ndikatembenuza kiyi, kagetsi kobiriwira kamayaka mofooka. Ndikadina sitata imangoti tche tche tche, kagetsi kaja n'kuzima. Ndikamenya kiki injini ikuzungulira, ndipo kikiyo ikulimba kumwendo monga kale, koma ngakhale kutsokomola kokha ayi. M'thanki munatsala petulo pang'ono, ndathiramo watsopano pamwamba pake, palibe chasintha.

Wina amene waiona akuti CDI, kabokosi kotumiza moto ku pulagi, yapsa, ndigule ina. Winanso akuti injini itsegulidwe chifukwa maring'i a pisitoni agwira. Mtima wanga ukukana. Chinthu chimene chinali chamoyo pochiimika chingapse bwanji chili chikhalire? Sindikufuna kugula zipangizo mwachimbulimbuli, komanso njingayi ndimaidalira. Masipanala ang'onoang'ono ndili nawo ndipo manja anga saopa girizi. Ndiyambire pati?

Sipanala10:
Achimwene, ndalama zikhale kaye m'thumba. Tche tche ameneyo ndi batire. Kachipangizo kotumiza moto ku sitata kakuyesa kugwira koma mphamvu ikuperewera. Batire la asidi limadzithera lokha ngakhale njinga ili yozima, ndipo likakhala lophwa miyezi yambiri mkati mwake mumauma tinthu tolimba totseka mbale zake, ndiye silisunganso moto ngakhale mutalitchaja. Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muliyeze. Labwino lodzaza limasonyeza 12.6V kapena kuposa pang'ono. Pansi pa 12V ndiye kuti laphwa. Mulitchaje pang'onopang'ono, ngati ndi la 7Ah mulipatse cha m'ma 0.7A kwa maola angapo, kenako muliyezenso uku mukudina sitata. Likagwa kufika pansi pa 10V, latha ntchito limenelo. Mitu yake muipalenso iwale, ndipo mumange zolimba.

Membala wosatchula dzina:
Ingoikankhani pa giya 2 pamalo otsetsereka, ilira basi.

WaZamagetsi:
Kukankha kumathandiza ngati vuto ndi sitata kapena batire lokha. Awa anena kale kuti kiki ikuzunguza injini koma sikugwira, ndiye angotopa pachabe.

Za CDI izi ndiyankhepo. Ilipo mitundu iwiri. Ina imatenga moto ku makoyilo a mu injini, ndipo njinga yotere imalira ndi kiki ngakhale batire litafa. Ina imatenga moto ku batire, ndiye batire likaphwa pulagi sithetheka ngakhale mumenye kiki mpaka thukuta. Mwina amene anakuuzani kuti yapsayo anangoona kuti moto palibe, osafunsa chifukwa chake. CDI siwonongeka ndi kukhala.

Mukapeza batire lamoyo, masulani pulagi, muibwezere m'kapu yake, muigunditse pachitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, ndiye muzunguze injini. Mugwire palabala pokha, osati pachitsulo cha pulagi, ndipo pafupi pasakhale petulo wotayika. Moto wabwino umakhala wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Ukakhala kulibe, musathamangire CDI. Onani kaye batani lofiira lozimitsira la pachiwongolero, fyuzi ya pafupi ndi batire, ndi swichi ya sitandi ya m'mbali ngati njinga yanu ili nayo. Vulaninso mpando muunguze mawaya, makoswe amakonda kutafuna mmenemo. Ngati mungajampe kuchokera ku batire la galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima.

Mwini funso:
Zikomo akuluakulu. Batire langa lasonyeza 10.9V ndipo ngakhale nditalitchaja likugwabe ndikadina sitata, ndiye ndavomereza kuti lapita. Ndabwereka lina labwino. Sitata tsopano ikuzungulira mwamphamvu. Pulagi ikuthetheka moto wabuluu, woonekera ngakhale masana. Koma njinga sikulirabe. Chimene ndaona n'choti ndikamasula pulagi nditangozunguza injini, nsonga yake ikumakhala youma gwa, ngakhale fungo la petulo palibe.

Fundi Wakale:
Bambo, mwachita bwino kutchula za pulagi youmayo, chifukwa yankho lili pamenepo. Injini imafuna zinthu zitatu kuti ilire: moto, mafuta osakanizika ndi mpweya, ndi mphamvu yopanikiza mu silinda. Moto mwauona ndi maso anu. Kiki ikulimba, ndiye maring'i ndi mavavu akugwira ntchito, ndipo amene akufuna kutsegula injiniyo musamulole. Chatsala ndi mafuta, ndipo pulagi youma ikutanthauza kuti sakufika.

Petulo sasungika. Mbali yake yopepuka, imene imagwira moto msanga injini ikazizira, ndi imene imayamba kuuluka. Zotsalazo zimasanduka phula lofiirira lomata. M'thanki zimenezi zimatenga nthawi, koma m'kabakuli ka pansi pa kabuleta mumakhala petulo wochepa kwambiri ndipo mumalowa mpweya, ndiye amauma msanga n'kusiya phulalo m'timabowo. Ngati petuloyo anali wosakaniza ndi ethanol ndiye zimaposa, chifukwa ethanol amakoka chinyezi, madziwo amakhala pansi n'kuyambitsa dzimbiri. Watsopano amene mwathira pamwambayo sanafike n'komwe kumene kuli vuto.

Musanamasule kalikonse, yesani izi. Dontheserani petulo watsopano pang'ono kwambiri m'bowo la pulagi, osafika theka la kasupuni kakang'ono, mubwezere pulagi, mudine sitata. Ikalira kwa kanthawi n'kuzima, mwatsimikiza kuti injini ndi magetsi zili bwino. Sitata musaidine nthawi yaitali, masekondi asanu akwana, muipumitse kaye kuti isatenthe.

Mukatero tsatirani njira ya mafuta kuyambira kumwamba. Khuthulani zonse za m'thanki, zakale ndi zatsopano zomwe, muunikemo ndi tochi ya foni muone ngati muli dzimbiri. Zulani paipi yolowa m'kabuleta, mutsegule kampopi pa ON kenako pa RES. Petulo ayenera kutuluka mothamanga, osati modontha. Timipopi tina timatseguka pokhapokha injini ikukoka mpweya, timeneto mumatiika pa PRI. Ngati akutuluka bwino, masulani kasikuluwu ka pansi penipeni pa kabuleta muone zotuluka. Mukaona zofiirira zonunkha ngati vanishi, kapena osatuluka kanthu, ichotseni kabuletayo.

Mkati muli majeti awiri amkuwa, tizitsulo taboo podutsa petulo. Lalikulu limagwira ntchito mukakoka mafuta kwambiri. Kakang'ono kowonda, kamene kali pambali pake, ndi kamene kamadyetsa injini poliza ndi pamene ikulira yokha osaikoka. Bowo lake ndi laling'ono kwambiri, ndipo pa njinga zokhalitsa kawirikawiri kotsekeka ndi kameneka. Masulani onse awiri ndi sikuludiraiva yokwana bwino, mkuwa suchedwa kunyenyeka. Muwanyike mu mankhwala otsukira kabuleta, muwapope ndi mpweya. Onaninso kansonga kamene kamatseka petulo kabakuli kakadzaza, nako kamamatirira. Ntchito yonseyi muchitire panja, kutali ndi moto ndi osuta fodya. Jambulani zithunzi pomasula kuti musasokoneze pobwezera.

Membala wosatchula dzina:
Kajetiko ingokaboolani ndi singano, ine ndimatero.

Fundi Wakale:
Ayi achimwene, pamenepo ndikutsutsani. Singano ndi chitsulo cholimba, jeti ndi mkuwa wofewa. Mukapitiriza kutero bowo limakula, ndiye njinga imayamba kumwa mafuta ambiri, pulagi imada mwaye, ndipo bowo likakula silibwereranso. Ngati mankhwala ndi mpweya zalephera, tengani kaulusi kamodzi kamkuwa ka m'kati mwa waya wamagetsi. N'kofewa, kamachotsa phula osadya jetiyo.

Mlongo pa Msewu:
Ndiwonjezereko ziwiri zimene zimaiwalika. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya musanalize. Siponji yake ikakalamba imafumbutuka, ndipo injini imameza zinyenyeswazo. Mbewa nazo zimamangamo chisa. Kubowo la ekizozi muunikenso, mavu aja omanga ndi dothi amatsekako.

Chachiwiri, solani kandodo koyezera oyilo mununkhize. Ngati kampopi kanasiyidwa kotsegula ndipo kansonga ka m'kabuleta sikamatseka bwino, petulo amatha kutsikira mu injini n'kusakanizika ndi oyilo. Mudzaona oyilo wachuluka kuposa mzere wake, wapyapyala, akununkha petulo. Oyilo wotere sateteza zitsulo. Ngakhale atakhala kuti sakununkha, wakhalitsa, asinthidwe.

Mwini funso:
Abwana Fundi, zachitika monga munanenera. Nditadontheza petulo pa pulagi yalira kamphindi n'kuzima, ndipo mtima wanga unakhala pansi pomwepo. Pansi pa kabuleta patuluka zofiirira zochepa. Ndaimasula, m'kabakuli munali phula ndi tinthu tobiriwira. Ndatsuka, ndabwezera, ndathira petulo watsopano yekhayekha. Tsopano ikulira! Koma ikufuna choki. Ndikangobweza choki ikuzima, ngakhale injini itatentha. Ndikakoka mafuta ikuyankha, ndikasiya ikufa. Achemwali, oyilo analidi ndi fungo la petulo, ndamukhuthula ndisanaipitirize kuliza. Sefa inali yabwino.

Fundi Wakale:
Mwayandikira. Choki imachepetsa mpweya kapena kuwonjezera petulo kudzera njira yakeyake, malinga ndi mtundu wa kabuleta. Njinga yolira ndi choki yokha ikukuuzani kuti panjira ya kajeti kakang'ono kaja mafuta akuchepabe. Kamasuleninso, mukaloze kudzuwa. Muyenera kuona kuwala kozungulira bwino kumapeto kwake, ndipo timabowo ta m'mbali mwake tonse tikhale totseguka. Anthu ambiri amatsuka jeti yokha n'kuiwala njira imene jetiyo imathira, ya m'thupi la kabuleta. Fayirani mankhwala pamene kajeti kamalowa, muone ngati akutulukira pa kabowo ka kukhosi kwa kabuleta, chakumbali ya injini. Tetezani maso, amabwerera kunkhope.

Pali kasikuluwu kosakanizira mafuta ndi mpweya. Musanakachotse, kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde mopepuka uku mukuwerenga kuti mwazunguza kangati, mulembe, kuti pobwezera mukaike pomwe kanali. Osakamanga mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Kumbuyo kwake kumakhala kasipuling'i, ndipo pa makabuleta ambiri kawashala ndi kalabala kakang'ono, zisatayike.

Zikakanikabe, yang'anani labala lolumikiza kabuleta ndi injini. Likauma limang'aluka n'kumalowetsa mpweya wakuba, zizindikiro zake n'zofanana ndi zimenezi. Ndipo ngati m'thanki munaona dzimbiri ngakhale lochepa, ikani kasefa ka petulo papaipi, apo ayi mudzatsukanso kabuletayi posachedwa.

Wokwera125:
Pepani kulowerera. Yanga ilibe kabuleta, ndi ya injekishoni, nayonso yakhalitsa. Zomwezi zikundikhudza?

WaZamagetsi:
Za batire ndi petulo wakale, inde. Kwa inu batire ndi lofunika koposa chifukwa pampu ya mafuta ndi kompyuta ya injini zimadalira lomwelo. Mukatembenuza kiyi tcherani khutu kuthanki, pampu imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Ikakhala chete onani batani lofiira ndi fyuzi kaye. Zikakhala bwino koma pampu ili duu, mwina yagwidwa ndi phula lomwelo. Koma yambitsani funso lanu palokha mutchule mtundu wa njinga, kuti tisasokoneze la achimwenewa.

Mwini funso:
Kajeti kaja kanalidi kotsekabe. Nditakaloza kudzuwa kuwala kunali kochepa, kambali imodzi. Kaulusi kamkuwa kathandiza, ndipo njira ya m'thupi ndaifayira mpaka mankhwala atulukira kukhosi. Tsopano ikulira yokha popanda choki, mawu ake ndi omwe aja akale. Ndaika batire latsopano, ndipo ndikakoka mafuta pang'ono multimeter ikusonyeza 14V. CDI ndi yomwe ija, injini sinatsegulidwe. Mulungu akudalitseni nonse.

Funso lotsala: matayala ndawapopa ndipo akusunga mpweya, mapanga ake akadali akuya, koma m'mbali mwa lakutsogolo ndikuona timing'alu ting'onoting'ono. Ndingayendere?

Sipanala10:
14V ili bwino, njinga ikutchaja. Pakati pa 13.5V ndi 14.5V ndi pamene timafuna.

Mlongo pa Msewu:
Achimwene, lakutsogolo limenelo musaliyendere kutali kapena mothamanga. Kuya kwa mapanga sikunena za msinkhu wa labala. Labala likauma limalimba, siligwira msewu wonyowa, ndipo tayala lakutsogolo likaterereka pa njinga simupeza mpata wowongola. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Ngati ladutsa zaka zisanu ndipo ming'alu yayamba, lisintheni, ndi chubu chomwe ngati lili nacho.

Musanatuluke pamsewu, ikankheni njingayo ndi manja muyese mabuleki onse awiri, muone kuti akugwira komanso akumasula mukawasiya, chifukwa a njinga yokhalitsa amakonda kukanirira. Ngati buleki yakutsogolo ndi ya mafuta ndipo chogwirira chikufewa kapena mafutawo ada, asinthidwe. Tcheni muitsuke, muipake mafuta, mufufuze mfundo zouma zimene sizikupindika. Ulendo woyamba ukhale waufupi, mukabwerako musuzumire pansi pa kabuleta ngati sipakudontha petulo.