Pampu ya gulu yafa, alipire ndani?

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Makaniko wa ku Ndirande waimasula pampu ija. Akuti sili, yomwe imatseka madzi kuti asadonthe, yapsa; impela, yomwe imazungulira n'kukankha madzi, nayonso yadyeka. Sili K25,000, impela K65,000. Lamulo lathu limati wowononga katundu wa gulu alipire yekha, ndipo yafera m'dimba mwa Anabanda.

Anabanda: Yafera mwanga inde, koma inadwalira kwina. Ndinaitenga kwa a Mbewe Loweruka ikulira kale ngati muli miyala mkati. Anaphiri anamva.

Anaphiri: Zoona, ndinamva pomwe ndimapita kukachapa ku Lunzu.

A Mbewe: Ine ndinaipereka ikutulutsa madzi. Mwana wanu ndiye anailiza osathiramo madzi, anthu anaona.

Anabanda: Anailiza, sindikukana. Koma K90,000 yonse pamutu panga? Ndili kale ndi ngongole, chiwongoladzanja chikundidikira mwezi uno.

Mlembi: Amayi ndi abambo, tisanalozane zala timvetse kaye mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Mkati muli impela, chitsulo cha mapiko chomwe injini imachizunguliza mwamphamvu. Madzi amalowera pakati pake, mapiko n'kuwaponyera m'mbali, chikho chapampu n'kuwasonkhanitsa kupita kupaipi yotulukira. Pakati paja mphamvu imatsika, ndiye mpweya womwe ukupanikiza madzi a mumtsinje ndi umene umawakweza m'paipi. N'chifukwa chake timathira madzi tisanalize. Mpweya ngwopepuka, impela singauponye mokwanira, imangozungulira pachabe. Sili imazizira ndi madzi omwewo, ikayenda youma imatentha n'kusweka posakhalitsa. Apa Anabanda mlandu ulipo.

Koma impela sidyeka ndi kuliza kamodzi kouma. Pampu yotereyi imakankha patali koma siyamwa kuchokera pakuya. Ngakhale kugombe la nyanja yamchere, mpweya sungakweze madzi kupitirira mamita 10, ndipo pantchito yeniyeni ndi 7 kapena 8. Kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye timataya ngati mita imodzi pamenepo. Onani a Water Board, mapampu awo oyamba ali kumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, madzi amachita kuwakankha pokwera kudzera ku Chileka. Ukaika pampu pamwamba pa gombe madzi ali pansi kwambiri, m'madzimo mumabadwa tithovu ta nthunzi tomwe timaphulikira pamapiko n'kumakumba timaenje. Phokoso la miyala lija ndi limenelo. A Mbewe, inu munaiika pati?

A Mbewe: Pamwamba pa gombe, pansi panali matope. Mtsinje waphwa, nanga ndikanatani?

Anaphiri: Ndiponso sefa ya kumapeto kwa paipi munachotsa, mumati ikuchedwetsa madzi.

Mlembi: Ndiye mchenga unkalowanso, nawo umapala mapiko.

A Mbewe: Sefa ndinachotsa tsiku limodzi lokha. Pampuyi tinagula ndi masheya athu tonse, yathirira madimba a aliyense muno chilimwe chonse. Impela yadyeka ndi ine ndekha? Theka ndilipira, lina litengedwe m'thumba la zadzidzidzi.

Anachisale: Ayi zimenezo ndakana. Thumba limenelo ndi la matenda ndi maliro. Mawa wina akagonekedwa ku Queens tidzampatsa chiyani? Ine dimba ndilibe, pampu sindinagwiritsepo ntchito, musandidule pogawana mu Disembala.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Anabanda alipire sili, K25,000, atha kupereka kawiri popanda chiwongoladzanja. A Mbewe theka la impela. Theka lotsala asonkhe okhawo amene dzina lawo lili m'buku lobwereka pampu, thumba la zadzidzidzi lisakhudzidwe.

Anabanda: Ya sili ndavomera. Koma ine ndilinso m'bukumo, ndisonkhenso kachiwiri?

Wapampando: Zimenezo tikavotera Lachinayi pakhonde pa Anaphiri. Msungichuma mukatenge impela yakaleyo kwa makaniko, aliyense adzaone ngati ili ndi timaenje kapena yangopalika.

A Mbewe: Mubweretsenso bukulo, tiwerenge masiku amene aliyense anakhala nayo.