Pulayala yaing'ono yoyenda nayo m'tchire: tigule iti?

aPhiri, Randburg

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndimaperekeza makasitomala a pashopu pathu ku Northern Farm, malo opalasako njinga m'tchire kufupi ndi Johannesburg, ndiye tayala la njinga ya mmodzi linang'ambika m'mbali litagunda mwala. Mankhwala a tubeless (amadzimadzi otseka zibowo m'tayala lopanda chubu) sanatseke, pulagi yotsekera chibowo nayo inakana, tinangoti tiike chubu. Vuto linabwera pa valavu, yomwe imayenera kuchoka kaye kuti chubu chilowe. Kanati kake kanali kataumirira ndi mankhwala aja, zala zinakanika kukamasula, ndipo multi-tool yanga (kachida kopinda kokhala ndi zida zingapo) ili ndi ma allen key ndi chodulira tcheni basi. Bambo aja anakankha njinga mpaka pomwe tinasiya galimoto, ine chubu chili m'manja. Zinandiwawa. Abwana akuti ndisankhe pulayala yoti aliyense woperekeza anthu aziyenda nayo. Inu mumanyamula yotani?

aBanda, Fourways

Achimwene, gulani Knipex Cobra XS. Ndi ya 100 mm, kulemera kwake sikufika magalamu 70, imalowa m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Mano ake akaluma nati yozungulira ngati ya valavu sataya. Ine ndimazulira minga ya mthethe ikathyokera m'tayala, kuwongolera kapini ka ma brake pad a Shimano, komanso kukokera waya wa magiya pomanga bauti. Mtengo wake ndi wowawa, koma mugula kamodzi.

Mayi Nangozo, Edenvale

ABanda anena zoona, koma mano omwewo ndi amene amandidetsa nkhawa. Mavalavu ambiri masiku ano ndi a aluminiyamu, ena opaka mitundu, ndipo malimu ena ndi a carbon. Pulayala ikaterereka pang'ono, mwakanda limu la munthu lodula kuposa malipiro anu a mwezi, ndiye mukafotokoza bwanji kushopu? Ine ndimayenda ndi Pliers Wrench XS ya kampani yomweyo. Kukamwa kwake n'kosalala, kumatseka mofanana ngati sipanala, ndipo kumagwira mpaka 21 mm. Rotor (chimbale cha buleki) ikapindika ndimaiwongola nayo pang'onopang'ono osasiya zipsera, bola kupukuta mafuta pa pulayalayo kaye.

Koma aPhiri, musanatulutse chida chilichonse yesani izi. Mukachotsa mbali imodzi ya tayala, kanikizani valavu ndi chala chachikulu kuchokera m'kati mwa limu, mwamphamvu ndithu. Labala wa kutsinde kwake amafinyika, nati ija imasiya kukanikiza limu, ndipo nthawi zambiri imazungulira ndi zala. Ku Modderfontein ndathandiza anthu ambiri motero.

aBanda, Fourways

Mayi, njira imeneyo ndimaidziwa ndipo imagwira. Koma njinga yomwe yakhala chaka osaimasula, mankhwala atalowa m'mazinga n'kuuma, chala sichithandiza. Yosalalayo pa nati yozungulira imafuna dzanja lamphamvu, ndiye munthu watopa, thukuta lili m'manja, mvula ya masana ija ikugunda kale cha ku Magaliesberg. Pamenepo ine ndimafuna mano. Ndimaika kansalu pa limu n'kugwira nati yokha.

aMwale, Rosettenville

Nanga za quick link, kolumikizira tcheni kaja? Ku Thaba Trails ndaona anyamata ena ali ndi Wolf Tooth Pack Pliers, yomwe imasunganso ma link apadera m'kati. Kodi si imeneyo yomwe aPhiri akufunika?

Mayi Nangozo, Edenvale

Ndi chida chabwino aMwale, koma ganizirani nthawi yomwe mumafunikadi kutsegula link muli m'tchire. Tcheni likaduka, mumachotsa chidutswa chowonongeka ndi chodulira tcheni, n'kuika link yatsopano. Kuitseka sikufuna pulayala: ibweretseni pamwamba, gwirani buleki ya kumbuyo, pondani pedulo, mumva kuti "ka". Ngakhale hanger (kachitsulo kogwira chosinthira magiya cha kumbuyo) itathyoka n'kufuna kufupikitsa tcheni kuti munthu afike kunyumba ndi giya imodzi, chodulira chomwecho chikwanira. Komanso kampani ya SRAM imanena kuti link yake ya PowerLock ya 12-speed (magiya 12 kumbuyo) ndi yogwiritsa ntchito kamodzi, ndiye kuitsegula n'kuibwezeretsa pa njinga ya kasitomala ine sindichita. Chofunika n'kunyamula ma link a 11 ndi 12-speed, a Shimano ndi a SRAM, chifukwa simudziwa amene mukhale naye pagulu.

aGondwe, Roodepoort

Ndiwonjezepo ziwiri. Pulayala zotchipa za m'misika zija zisiyeni, chitsulo chake n'chofewa, mano amatha nati isanasunthe. Ndipo musaike pulayala m'thumba la kumsana la jezi. Munthu ukagwa chagada pamiyala, chitsulocho chimakumana ndi msana. Ikulungeni m'kansalu, ikhale m'chikwama cha pa njinga, ndipo nyengo ya mvula muziidontheza kamafuta.

Chinanso chili kushopu kwenikweniko. Nati ya valavu imamangidwa ndi zala basi. Pali anzathu amene akaona mpweya ukutuluka pa valavu amaikoka ndi pulayala, pomwe vuto limakhala tepi ya limu. Nati yokokedwa moteroyo ndiye imadzativutitsa m'tchire.

aPhiri, Randburg

Zikomo nonse. Ndikauza abwana tigule Cobra XS ya aliyense woperekeza, ndi Pliers Wrench imodzi yokhala ndi amene amatsalira kumbuyo kwa gulu. Ma link ndiika a mitundu yonse. AGondwe, Lolemba ndiyamba kumasula nati za mavalavu pa njinga zathu zonse zobwereketsa, kuzitsuka n'kuzimanganso ndi zala. Mayi Nangozo, kodi Pliers Wrench XS yanu munaipeza mu Johannesburg momwe muno kapena munaitanitsa pa intaneti?