LS1 mu Land Cruiser, hozi ya nthunzi ndiipititse kuti?

Wa pa Kamuzu Road:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru mutu waima. Ndili ndi Land Cruiser 75 ya kasitomala wanga wa ku Senga Bay, injini yake ya dizilo ya 1HZ inafa ndiye anakagula injini ya Chevrolet Lumina SS ku Johannesburg, LS1 ija ya 5.7 ya petulo. Mamaunting, giya bokosi, mawaya zonse tinamaliza ndipo ikulira bwino kwabasi. Vuto ndi madzi. Injiniyi inabwera timapaipi tachitsulo tija tolumikiza mahedi awiri titadyeka ndi dzimbiri, bwana anaitanitsa kiti yatsopano ya steam vent (yotulutsira nthunzi m'mahedi) ya mahozi anayi okumana pa kabuloko kamodzi ka aluminiyamu. Anayiwo ndamanga, koma hozi yotuluka pa kabulokoko ndinasowa koipititsa chifukwa radiyeta ya Cruiser ilibe kamlomo kake. Poyamba ndinailowetsa m'botolo la ovafulo, sipanathe mphindi khumi botolo lasefukira madzi ali mbwee pansi. Ndiye ndinaitseka ndi bawuti ndi kilampu. M'tauni muno bwinobwino, koma dzulo ndati ndiyese njira ya ku Lilongwe, kungoyamba kukwera mapiri aja geji ikukwera kenako kutsika yokha, kukweranso, mpaka ndinabwerera panjira. Fani ikuzungulira.

Wa ku Dwangwa:
Achimwene mwaona themositati? Ine ndikuona ngati timapaipito si nkhani, ma LS ena amachoka ku fakitale mabowowo ali otseka kale. Tsekani onse anayi musinthe themositati basi

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Ayi mwana wanga wa ku Dwangwa, pamenepo mumuphetsa injini mnzanuyo. Zoona GM, kampani yopanga ma Chevrolet, inadzatseka mabowo pa ma LS otuluka pambuyo, koma awiri akumbuyo okha. Akutsogolo sanatsekepo, amalumikizana ndipo paipi yake imapita ku radiyeta.

Taganizirani mmene injiniyi anaipangira. Pa 1HZ imene tinazolowera, madzi otentha amatulukira pamwamba pa hedi ndiye mpweya uliwonse umatuluka nawo limodzi. Pa LS madzi amalowa ndi kutulukira pa wota pampu, kutsogolo kwa buloko, pomwe makona a mahedi ali pamwamba kuposa potulukirapo. Mpweya ndi nthunzi zikakwera m'makonamo zilibe kolowera, zimangokhala, ndipo pamene pakhala nthunzi madzi sakhudza chitsulo, malo amenewo amapsa okha ngakhale radiyeta ili yozizira bwino. Timabowo tinayi tija ntchito yake ndi imeneyo, kupumitsa hedi. Sensa ya tempiricha pa LS1 ili pa hedi ya kumanzere chakutsogolo, nthawi ina ikumizidwa m'madzi nthawi ina yazunguliridwa ndi nthunzi, ndi chifukwa chake geji yanu ikuvina. Themositati ikanakhala yomata, geji ikanangokwera osatsikanso.

Mahediwo ndi a aluminiyamu, sachedwa kupindika. Musaiyendetsenso ili ndi bawutiyo chonde.

Wa pa Kamuzu Road:
Zikomo madala, ndamva. Nanga botolo lija linalakwa chani poti nalonso lili pamwamba?

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Botolo la Cruiser lili kunja kwa puresha, ndi lotsegula. Mu hozi ya nthunzi simudutsa nthunzi yokha, mumayenda madzi nthawi zonse injini ikamalira, ndiye munangoboola sisitimu n'kumathira madzi m'botolo. Komanso puresha yonse imathawira komweko. Kapu ya 0.9 bar imapangitsa madzi kuwira pafupifupi pa madigiri 120 m'malo mwa 100, mukaiphonya kapuyo ndi kutentha kwa Salima kwa mu Okutobala injini iwira msanga. Hozi imeneyo ikuyenera kubwerera mkati mwa puresha, pamalo okwera kuposa mahedi.

Wa ku Chipoka:
Ine ndinamangapo ina mu Hilux, ndinadula hozi ya pamwamba ya radiyeta ndikuikapo joini yachitsulo yokhala ndi kamlomo ka 6mm koyang'ana kumwamba. Yakhala ikuyenda popanda vuto. Ena amaboola pamwamba pa wota pampu n'kudula mazinga a 1/8 NPT koma ine njira imeneyo sindiikonda, ukangolakwitsa pang'ono pampu yatha ndipo ya LS suipeza pa shopu kuno, tizidutswa ta aluminiyamu tikagweranso mkati ndi nkhani ina

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Ya joini pa hozi imagwira, sindikutsutsa. Koma funso kwa mwini ntchito, thanki ya pamwamba ya radiyeta yanuyo ndi ya mkuwa kapena pulasitiki?

Wa pa Kamuzu Road:
Ya mkuwa madala, yakale ija koma tinaitsukitsa

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Basi mwapata. Ichotseni mupite nayo kwa owotcherera ma radiyeta akuikireni kamlomo ka mkuwa ka 6mm pa thanki ya pamwamba, m'munsi pang'ono mwa khosi la kapu. Onetsetsani kuti kali pansi pa pamene rabala ya kapu imakhala, osati pa kapaipi kopita ku botolo, apo ayi mwabwerera pomwe munayambira. Ndimakonda njira imeneyi chifukwa nthunzi ikafika pa thanki imasiyana ndi madzi pomwepo n'kukhala pansi pa kapu, ikachuluka kapu imaitulutsa yokha.

Hoziyo iziyenda chokwera kuchoka pa kabuloko mpaka pa radiyeta, isatsike pansi kenako n'kukweranso ngati msampha wa pa sinki, mpweya umakakamira pamenepo. Ndaonapo anyamata akuizungulitsa pansi pa alitaneta kuti iwoneke bwino, kukongola kumeneko kulibe phindu. Ndipo musailowetse mu throttle body, polowera mpweya wa injini paja, ngati mmene fakitale inachitira, iwo ankaopa kuti kumaiko ozizira pangaundane ayezi, kuno kunyanja za ayezi tilibe.

Wa ku Chipoka:
Onaninso ma O ring pa timabuloko ta pa hedi, makamaka akumbuyo kufupi ndi fayawo, chitsulo cholekanitsa injini ndi kabini, poti dzanja silifika bwino amakonda kutsinika. Mabawuti ake ndi a M6, 12 Nm basi, mukakoka ndi mphamvu ngati mukumanga tayala mazinga a mu hedi amatha

Wa ku Dwangwa:
Ndaphunzirapo akuluakulu, ine ndimangoona ngati timapaipi totenthetsa throttle body basi. Nanga pothira madzi pali kusiyana?

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Kulipo. Themositati ya LS ili kolowera madzi, kumene kumafikira hozi ya pansi, ndiye ikakhala yotseka madzi a mu radiyeta salowa bwino mu buloko, radiyeta imaoneka yodzaza injini ili ndi ludzu. Kwezani kutsogolo ndi jeke, chotsani hozi ya pamwamba ku mbali ya radiyeta muthire madzi kudzera mmenemo kulowa mu injini, hozi ya nthunzi ili yomasula, mpaka itulutse madzi okhaokha opanda thovu. Kenako mangani, dzazani radiyeta, tsegulani hita ngati ilipo, lizani mpaka themositati itseguke. Ndipo chonde thirani kulanti theka madzi theka, madzi ake a distilled aja othira mu batire kapena a mvula osefa. A pa mjigo ambiri kuno ali ndi mchere, ndi omwe amadya timapaipi ndi aluminiyamu.

Wa pa Kamuzu Road:
Ndabwera ndi ripoti akuluakulu. Kamlomo anawotcherera Lachiwiri, hozi ndinaifupikitsa ikukwera molunjika, O ring imodzi yakumbuyo kumanja ndinaipezadi itatsinika ndasintha. Pothira mmene munanenera munalowa madzi ena ambiri ndithu pomwe ine ndinkati yadzaza. Lero ndakwera nayo mapiri omwe aja mpaka Mvera masana dzuwa lili pamutu, geji yangoima malo amodzi osagwedera, botolo lili pa mzere wake. Ndayezanso kompuresheni masilinda onse asanu ndi atatu ali pafupipafupi, mu oilo mulibe madzi, ndiye gasiketi inapulumuka. Mawa m'mawa ikazizira ndionanso levulo ndisanaipereke kwa bwana.

Mdala wa pa Boma Nkhotakota:
Mwachita bwino. Pakatha sabata muwauze abwere nayo mudzakokenso makilampu, hozi yatsopano imafewa ikatenthedwa kangapo.