Kulipiriratu ndiwo kwa mlimi n'kumakatenga sabata ndi sabata: tigwirizane zotani?

Mayi wa ku Chilomoni

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mabanja 12 a m'dera lathu tikufuna kugwirizana ndi mlimi wa dimba wa cha ku Bvumbwe. Timulipiriretu ndalama za miyezi itatu, iye azibweretsa ndiwo Loweruka lililonse pakhomo limodzi, aliyense azikatenga gawo lake. Tigwirizane zotani tisanapereke ndalama? Nanga ndiwo za sabata yathunthu tizisunga bwanji, poti ena alibe firiji?

Mlimi wa dimba, Bvumbwe

Amayi, poyamba onse 12 amvetse kuti sakugula ngati mumsika wa Limbe, momwe munthu amaloza chimene mtima wafuna. Akugula gawo la zokolola. Chimene dimba latulutsa sabata imeneyo ndicho chilowe m'dengu, ndipo pamenepa ndi pamene anthu amayambanirana.

Kuyambira May mpaka August, kukamazizira, mpiru, repu, tchayinizi, kabichi, karoti ndi nsawawa zimachita kusefukira. October akafika zitsime zimaphwera, nsabwe zimadzaza pa mpiru ndi repu, kangaude wofiira amagwira tomato, dengu limapepuka. M'dzinja madimba a m'dambo amamira, tomato amapsa ndi chiwawu, koma ndiyo nyengo ya nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, therere ndi zitheba. Woyembekeza tomato wodzaza beseni mu February mumuuziretu kuti sizitheka.

Zonse mulembe pa pepala, mbali zonse zisayine. Gawo liziyezedwa pa sikelo, osati pa mitolo kapena milu, chifukwa mtolo umaonda ndiwo zikasowa. Mwachitsanzo: makilogalamu awiri a masamba a mitundu itatu, kilogalamu ya tomato akapezeka, theka la kilogalamu ya anyezi, kuonjezerapo chimene chacha. Musalembe kuti "ndiwo za ndalama zakuti". Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, mbewu ndi feteleza n'kukwera mitengo pomwepo. Zotere zikachitika pakati pa mgwirizano, dengu lowerengera kwacha limachepa kwambiri.

Mulembenso chochita dimba likakokoloka, monga anaonera alimi ambiri ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Mlimi abweze ndalama, kapena masabata otayikawo aonjezeredwe kumapeto? Ine ndimaona kuti kuonjezera masabata ndiye chilungamo, chifukwa ndalama zija zimakhala zitalowa kale m'nthaka.

Wogulitsa ndiwo, Ndirande

Achimwene a ku Bvumbwe anena zoona, ndingoonjezera za tsiku lotengera.

Masamba athyoledwe m'mamawa dzuwa lisanatuluke, kapena Lachisanu madzulo litapendeka. Asawathinitse m'thumba n'kumanga kukamwa. Masamba amapuma, akathinana amatentha okha pakati, ndiye mukamasula mupeza repu wachikasu, wofunda, akununkha. Chabwino ndi dengu kapena kreti yoyala masamba a nthochi: anyezi, mbatata ndi kabichi pansi, masamba pamwamba. Tomato akhale m'kreti yakeyake, ndipo m'minibasi pasakhale katundu wina pamwamba pake.

Pogawira pakhale pa mthunzi. Ikani nthawi, tinene 8 mpaka 11 koloko, ndi kabuku kosayinira. Amene watanganidwa atume mwana kapena auze mnzake. Gawo limene silinatengedwe pofika 12 koloko mugwirizaniretu kuti lipita kwa yani, chifukwa bonongwe sadikira Lolemba. Ndalama zizidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni.

Mayi wa ku Zingwangwa

Za kasungidwe, achemwali, chinsinsi n'kudziwa choyamba kudya. Bonongwe, luni, nkhwani ndi chisoso muphike Loweruka lomwelo kapena Lamulungu. Mpiru, repu ndi tchayinizi zimapirira masiku awiri kapena atatu. Zitheba ndi therere zitsatire. Kabichi, karoti ndi anyezi ndiwo okufikitsani Lachisanu.

Mukafika kunyumba masulani mitolo, chotsani tsamba lililonse lophwanyika kapena loterera, chifukwa limodzi limaoletsa anzake. Musatsuke. Madzi otsalira pa tsamba ndiwo amayambitsa kuola, muzitsuka zokhazo zimene mukuphika. Ikani masamba m'dengu, fundikani ndi chiguduli chonyowa koma chofinya, pamalo podutsa mphepo. Chikauma nyowetsaninso. Jumbo yomanga imachita thukuta mkati, pofika mawa ndiwo zaterera.

Tomato wakupsa ndi nthochi musaziike pamodzi ndi masamba. Zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umasandutsa masamba chikasu msanga. Karoti mum'dule masamba ake tsiku lomwelo, apo ayi amamukoka madzi n'kufota. Anyezi akhale pouma, kutali ndi mbatatesi.

Opanda firiji apeze miphika iwiri yadothi, waung'ono ulowe mu waukulu, pakati pake athire mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Zimaziziritsa bwino mu September ndi October mpweya ukauma, koma m'dzinja kapena masiku a chiperoni mphamvu yake imachepa.

Zikachuluka, futsani. Viikani masamba m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tsanulani, yanikani mopyapyala pa thandala kapena m'lichero, pa mthunzi podutsa mphepo. Pa dzuwa la phwee amayera n'kutaya zofunika m'thupi. Mfutso usungidwe ukamathetheka pofinya. Wofewa umachita nkhungu.

Mlangizi wopuma, Lunzu

Musanalipire, awiri kapena atatu apite akaone dimbalo ndi maso. Taonani kumene akutunga madzi othirira: chitsime kapena kasupe ndi bwino, osati mitsinje yodutsa mkati mwa tawuni ngati Mudi. Funsani mankhwala amene amapopera, monga Cypermethrin kapena Dithane, ndipo muwerenge pa chizindikiro chake masiku oyenera kudikira asanakolole. Mlimi azilemba tsiku limene wapopera bedi lililonse. Tomato wokhala ndi ufa woyera kapena wachikasu pakhungu ndiye kuti wapoperedwa posachedwa, mum'funse mlimiyo.

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo nonse. Nanga tiyambe mwezi uti?

Mlimi wa dimba, Bvumbwe

Lipirani kumayambiriro kwa April kuti agule mbewu ndi manyowa. Repu ndi mpiru amakhala pa nazale pafupifupi milungu inayi, akawokeredwa amayamba kuthyoledwa patatha milungu inanso inayi kapena isanu. Dengu loyamba muliyembekeze mu June.