Mpunga wa mandimu wa ku South India: tingauphike bwanji kuti usamate kapena kuwawa?

Wa ku Mbare:
Anzanga muli kuno ku Harare, mpunga wachikasu wa mandimu uja ku Karnataka, chigawo cha ku South India, amautcha chitranna umaphikidwa bwanji kuti uziyoyoka, osawawa? Nanga zokometsera zake tingazipeze kuti?

Mayi a ku Highfield:
Achemwali, nkhani yagona pa mpunga. Ukhale wozizira, mkute wa dzulo ndiye wabwino kwambiri. Mukaphika watsopano, kapu 1 ya mpunga ndi makapu 2 a madzi, muuyale m'mbale yaikulu kuti nthunzi ithe. Wotentha umaphwanyika mukamasakaniza n'kusanduka phala.

Tenthetsani masupuni aakulu 2 a mafuta m'chiwaya. Kazingani mtedza wodzaza dzanja mpaka ufiire, muuchotse. Kenaka ikani supuni yaing'ono 1 ya njere za mpiru, mudikire zithetheke. Onjezani supuni yaing'ono 1 ya urad dal (tinyemba ting'onoting'ono ta Amwenye tosenda ndi kugawa pakati) ndi ina ya chana dal (tchana wosenda ndi kugawa pakati). Zikayamba kufiira, ikani tsabola wamuwisi 2 wong'amba, ginger pang'ono ndi masamba a curry 10. Chikasu chilowe pomaliza, theka la supuni yaing'ono, ndipo muzimitse moto nthawi yomweyo. Thirani mpunga, mchere ndi mtedza uja.

Wa ku Glen View:
Pa kuwawa paja: madzi a mandimu asaone moto. Finyirani padera masupuni aakulu 2 kapena 3, musefe nthangala, muthire chiwaya chitachoka pamoto. Osafinya ndimu mpaka kuchikamba, mbali yoyerayo ndiyo imawawa. Chikasu nachonso chikachuluka kapena kupserera chimawawa, komanso njere za mpiru zosathetheka. Mukasakaniza, vundikirani mphindi 10 kuti mandimu alowerere, kenaka mulawe mchere.

Wa ku Mbare:
Zikomo amayi ndi achimwene. Ma dal aja ndikawasowa?

Wa ku Glen View:
Yesani mashopu a Amwenye cha ku Belvedere. Mandimu ndi mtedza ndiye muli nazo pafupi pa Mbare Musika. Dal akasowa, wonjezani mtedza, koma njere za mpiru ndi masamba a curry musasiye. Ufa wa curry wa m'paketi si masamba a curry ayi, usalowemo.

Mayi a ku Highfield:
Chana dal ngwolimba, amatha kuthyola dzino. Munyikeni m'madzi otentha mphindi 15, muumitse ndi kansalu asanalowe m'mafuta. Ngati muli ndi Kilombero wochokera kumudzi, mutsukeni katatu ndipo muchepetse madzi, kapu 1 ndi theka akwana.