Akuti kabati iyi ndi ya nthawi ya Fort Johnston, ndingadziwe bwanji zaka zake?

Anaphiri:
Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Pali kabati ya madilowa asanu ikugulitsidwa kuno ku Mangochi, cha kwa Mponda. Mwini wake akuti inabwera ndi azungu a mishoni boma lino likadali kutchedwa Fort Johnston, ndiye mtengo waukweza chifukwa cha mbiriyo. Thabwa lake ndi lofiirira, lolemera ndithu. Madilowa awiri apamwamba ali ndi maloko, zogwirira ndi zamkuwa koma chimodzi n'chosiyana ndi zinzake. Kumbuyo kuli matabwa atatu okhomedwa ndi misomali, ndipo mwendo umodzi uli ndi timabowo. Ndiyang'ane pati kuti ndidziwe ngati ilidi yakale? Nanga ndikagula, ndiipale ndi sandipepa n'kupaka vanishi wina?

Kalipentala wa pa M'baluku:
Mayi, sandipepayo muyambe mwamuika patali. Mukangopala, ukale wonse umene mukulipirawo wapita ndi fumbi, ndipo subwereranso.

Kutsogolo kwa kabati sikunena zoona, chifukwa ndi kumene aliyense amapakako polishi. Tulutsani dilowa imodzi yonse, muitembenuze. Onani m'makona momwe thabwa lakutsogolo lalumikizirana ndi lam'mbali. Mmisiri wa manja ankadula mano olowana aja ndi sowo ndi tchizulo, ndiye amakhala atatu kapena anayi, osafanana kukula, ndipo nthawi zambiri pamatsala kamzere kopyapyala kamene anakanda poyeza. Mano ambirimbiri ofanana ndendende ndi a makina. Kenako yendetsani chikhatho pansi pa dilowayo mopingasa. Puleni ya manja imasiya timigula tosaya tomveka kukhudza, pomwe makina amasiya posalala paliponse. M'mphepete momwe dilowa imakhuzira potseka ndi potsegula muyenera kupeza kuti mwadyeka, ndipo mkati mwa kabati muli timisewu tofanana ndi kudyekako. Dilowa yodyeka pa kabati yosadyeka ndiye kuti zinthu ziwirizo sizinabadwire limodzi.

Che Ajusa:
Zonsezo n'zoona achimwene, koma kwathu kuno zimasocheretsa munthu akazidalira pazokha. Ku England makina analanda ntchito ya manja kalekale, koma ku Malawi anthu akuchekabe matabwa pa dzenje mpaka lero, ndipo akalipentala ambiri akugwirabe puleni ya manja. Kabati yopangidwa 1985 ikhoza kukhala ndi zizindikiro za sowo ndi puleni zofanana ndi ya 1915. Chimene chimatchula zaka ndi chitsulo.

Yambani ndi loko. Maloko ena a ku Britain ankadindidwa chisoti chachifumu ndi zilembo za mfumu ya nthawiyo. VR ndi Victoria, amene anamwalira 1901. ER ndi Edward VII, 1901 mpaka 1910, ngakhale Elizabeth II nayenso ndi ER, kuyambira 1952. GR ndi George V ndi George VI, 1910 mpaka 1952. Kumbuyo kwa chogwirira mukapeza "Rd No" ndi nambala, chimenecho chinapangidwa 1884 kapena pambuyo pake, chifukwa manambala amenewo anayamba chaka chimenecho.

Kachiwiri masikuluwu. A mutu wa mtanda, a Phillips aja, anatuluka m'zaka za m'ma 1930 ndipo pa mipando anafala nkhondo yachiwiri itatha. A mzere umodzi sanena zambiri poti akugulitsidwabe. Masulani imodzi yokha, pang'onopang'ono. Yokhalitsa imasiya thabwa lozungulira bowo litada ndi dzimbiri. Bowo likakhala loyera mbee, sikuluwuyo ndi mlendo. Chimodzimodzi misomali ya kumbuyo: yamakona anayi ndi yakale kwambiri, yobulungira inafala kuyambira m'ma 1890.

Koma loko wakale atha kuzulidwa pa bokosi lina. Mukamuchotsa, onani ngati bowo lake likumukwana bwino ndiponso ngati palibe mabowo ena a masikuluwu otsekedwa ndi phala. Zaka za kabati zimatengedwa pa chinthu chatsopano kwambiri chimene chinalipo kuyambira pomwe inapangidwa, osati pa chakale kwambiri.

Anaphiri:
Zikomo Che Ajusa. Ndiye chogwirira chosiyanacho chikutanthauza kuti ndi yabodza?

Che Ajusa:
Ayi mayi, chimodzi kusinthidwa ndi zachizolowezi pa chinthu chogwiritsidwa ntchito. Yang'anani mkati mwa dilowayo, mupeza mabowo a chogwirira choyamba, ndipo kunja thabwa limasunga chithunzi chake. Chokayikitsa ndi pamene zogwirira zonse zikuoneka zakale koma pansi pake palibe chithunzi chilichonse.

Anambewe:
Ndionjezepo za thabwa. Lofiirira ndi lolemera kuno nthawi zambiri ndi mbawa kapena mlombwa. Mbawa ndi wofiira mofanana paliponse, ndipo ukamuyang'ana mopendeka amaonetsa mizere yowala ndi yakuda motsatana. Mlombwa umapita ku bulawuni wa golide, uli ndi mizere yokhotakhota, ndipo m'mphepete mwa thabwa mumatsala poyera. Mukanunkhiza mkati mwa dilowa n'kumva fungo lokoma lakuthwa, umenewo ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene amisiri ankaukonda mkati chifukwa chiswe sichiufuna.

Ngati ndi mbawa kapena mlombwa mpaka mkati, n'kutheka kwambiri kuti kabatiyo inapangidwa konkuno, siinachite kubwera pa sitima. Zimenezo sizichepetsa mtengo wake kwa ine, chifukwa mamishoni monga Blantyre, Livingstonia ndi Likoma ankaphunzitsa ukalipentala, ndipo ntchito ya amisiri amenewo ndi imene tiyenera kuisunga kwambiri. Kungoti nkhani ya wogulitsayo iyenera kugwirizana ndi thabwa.

Kumbuyo kukanakhala pulayi kapena hadibodi tikanati mwina ndi ya m'ma 1950 kubwera kuno, ndiye matabwa atatu enieni ndi chizindikiro chabwino. Akhale akuda mofanana, koma pomwe abisika ndi thabwa lina pakhale powalirako. Akada paliponse mpaka m'malo mosafika mpweya, wina anapaka mankhwala. Ogulitsa ziboliboli ena amadetsa mipando ya mfumu ndi polishi wa nsapato kuti ioneke ya makolo. Kansalu konyowa ndi palafini kamatuluka kakuda kapena kabulawuni mukapukuta pamalo otere.

Ena amati pofuna kudziwa ukale, yezani ngati thabwa lafota. Pa mlombwa musavutike, umafota pang'ono kwambiri.

Mphunzitsi wa ku Malindi:
Musaiwale mapepala. Pansi pa madilowa anthu ankayala nyuzipepala, ndipo kumbuyo nthawi zina kumakhala chizindikiro cha katundu kapena zolemba za choko. Dzina la Nyasaland linagwira ntchito kuyambira 1907 mpaka 1964, ndipo lisanafike dzikoli linkatchedwa British Central Africa. Mitengo yolembedwa m'mapaundi ndi mashilini ndi ya 1971 isanafike, chaka chimene kwacha inayamba. Fort Johnston inakhazikitsidwa 1891, koma dzinalo linakhalapo mpaka ufulu utabwera, ndiye mawu oti "nthawi ya Fort Johnston" akukwana zaka zoposa 70. Mufunseni mwini wake kuti akunena zaka ziti, kabatiyo inachoka nyumba iti, ndipo inafika bwanji kwa iye. Ngati akuti inachoka ku tchalitchi kapena ku ofesi ya boma, pakhale kalata yosonyeza kuti inagulitsidwa mwachilungamo. Ndipo amene akuganiza zotulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko ayambe wafunsa ku nthambi ya boma yoona zakale, chifukwa pali lamulo loziteteza. A ku Lake Malawi Museum pa boma pomwepo angakulozereni koyenera.

Anaphiri:
Nanga timabowo ta pa mwendo tija? Ndikuopa kulowetsa tizilombo m'nyumba.

Kalipentala wa pa M'baluku:
Yalani pepala lakuda pansi pa mwendowo, mugogode pang'ono, musese, kenako musiye sabata imodzi osagwedeza. Mukapeza ufa woyera watsopano ndiye kuti tizilombo tilimo. Mabowo akuda mkati opanda ufa ndi akale, ntchito inatha. Bayani ndi nsonga ya msomali: ikalowa mofewa kupitirira theka la sentimita, gawo limenelo lafumbwa ndipo lifunika kulumikiza thabwa lina la mtundu womwewo. Ngati tilimo, gulani mankhwala a matabwa okhala ndi permethrin, muthire bowo lililonse ndi sirinji, mubwereze pakatha masabata awiri. Oyilo wakuda wa galimoto ayi, amalowa m'thabwa osatulukanso. Kuyanika pa dzuwa la Okutobala lathu lino nakonso ayi, matabwa amang'ambika ndipo guluu wakale amasiya.

Za vanishi, yesani kaye pobisika ndi thonje lonyowa ndi spiriti. Pakanata pakadutsa mphindi imodzi, ndi shellac, wopaka wa kale, ndipo mmisiri atha kumudzutsa popanda kupala. Pakapanda kusintha, ndi vanishi wa mtundu wina, mwina wopakidwa pambuyo. Kutsuka kwake ndi kansalu kofinya bwino ndi sopo pang'ono, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, n'kupukuta pomwepo. Ikauma, pakani phula la njuchi: gawo limodzi la phula, magawo atatu a tapentaini. Sungunulani phulalo m'chitini choviika m'madzi otentha, muchotse pa moto musanathire tapentaini chifukwa imayaka msanga. Pakani mopyapyala, dikirani theka la ola, pukutani ndi nsalu ya thonje.

Anambewe:
M'nyumba muiike motalikira khoma ngati masentimita 10, ndipo miyendo isagunde simenti mwachindunji, ikani timatabwa pansi. Chinyezi cha dzinja kunyanja kuno chimakwera ndi miyendo, ndipo chiswe chimadzera kukhoma. Madilowa akamalimba mu Febuluwale musawapale, pakani kandulo m'mphepete, adzamasuka okha chilimwe.

Che Ajusa:
Mukapitanso, jambulani loko kutsogolo ndi kumbuyo, kona ya dilowa, sikuluwu imodzi itamasulidwa pamodzi ndi bowo lake, ndi matabwa a kumbuyo kuwala kukuchokera m'mbali. Muziike pano musanapereke ndalama, tione limodzi.